Chiphaso cha unzika chimatiteteza kapena chimatiika poyera?

Nachisale:

Abale anzanga ndili ndi funso, nkhaniyi yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Mwezi wathawu ndinapita ku ofesi ina kukasaina mapepala, dzina lake sinditchula, nde anandiuza kuti ndibweretse fotokope ya chiphaso changa cha unzika mbali zonse ziwiri. Ndinapereka osaganiza kanthu poti tonse tinazolowera. Ndili chiimire pa kauntala paja mtsikana wa pa desikipo anafuna kundilembera tsiku loti ndidzabwerenso, basi anangotenga pepala pa mulu umene unali pambali pake, kuling'amba pakati, kulemba kumbuyo kwake nkundipatsa. Nditafika kunyumba kutembenuza kapepalako ndikupeza ndi theka la fotokope ya chiphaso cha bambo wina wake, nkhope ikuoneka bwinobwino, dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala yonse osasowa ndi imodzi yomwe. Munthu woti sindikumudziwa, nayenso sakudziwa kuti nkhope yake ili mchikwama mwanga. Mtima unangoti myuu nditaganiza kuti changa chija chili pa mulu womwewo ndipo mwina panopa wina wapita nacho kwawo.

Nditawafotokozera bambo akunyumba anangoti iwe ukuopa chiyani, munthu wopanda mlandu saopa kudziwika. Tinatsutsana mpaka usiku, ine mawu owayankhira ndinalibe koma mumtima ndimamva ndithu kuti penapake sipali bwino. Ndisaname, tsiku limene ndinalandira chiphasochi ndinasangalala kwambiri ndipo mpaka lero chimandithandiza, akaunti ya ku banki ndinatsegulira chomwechi. Koma ndamva kuti kuli maiko ena olemera kumene anthu amakana kumene kukhala ndi chiphaso chotere, boma likayesa iwo amaima nji. Nde kodi akuona chiyani chimene ife sitikuona? Kapena ndi matama chabe a anthu okhuta? Ndithandizeni maganizo.

Kondwani K:

Achemwali pepani ndi zimene munaonazo, kumeneko ndi kusasamala kwa ofesiyo ndipo nkoipa zedi, koma ine ndikupemphani kuti tisatayire limodzi madzi ndi mwana yemwe ayi, mlandu ndi wa anthu a pa desiki osati wa chiphaso. Ine ndili mbali ya bambo akunyumbawo pang'ono. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inawerengera kuti anthu pafupifupi 850 miliyoni padziko lapansi alibe chikalata chilichonse chosonyeza kuti iwo ndi ndani, ambiri ali mu Africa muno ndi kummwera kwa Asia. Taganizani munthu wotereyu, sangatsegule akaunti, sangalembetse simu khadi mdzina lake, malo akagula alibe pogwira, mwamuna akamwalira achibale amalanda katundu iye osatha ngakhale kutsimikiza kuti dzina limene lili pa mapepala ndi lakedi. Mayi anga anakhala zaka zambiri ndalama zawo zikudutsa pa foni ya mlamu wawo chifukwa chosowa chitupa, ndalama iliyonse imene ndatumiza mlamuyo amayamba kuidziwa ndi iye, nde mundiuze chinsinsi chinali pati pamenepo? Tsiku limene anapeza chiphaso chawo ndi limene anayamba kukhala ndi chinsinsi.

Za maiko amene amakanawo ndi zoona. Ku Britain boma la Tony Blair linakhazikitsa lamulo la ziphaso mu 2006, litalowa boma la David Cameron mu 2010 analithetsa mpaka kuphwanya makina amene anasungamo maina a anthu. Ku Australia anayesa mu 1985, pofika 1987 nkhani inafera mmazira. Koma musaganize kuti anthu amenewa ndi obisika, akafuna nyumba ya lendi kapena ntchito amatulutsa pasipoti, laisensi yoyendetsera galimoto, bilu ya magetsi, mapepala atatu anayi mmalo mwa khadi imodzi, ndiye kuti akupereka zambiri kuposa ife. Ku America kulibe chiphaso cha dziko lonse koma nambala ya Social Security imene inayamba mu 1936 pa nkhani ya penshoni inasanduka chiphaso mwakachetechete, ndipo mu 2017 akuba a pa intaneti atathyola makompyuta a kampani ya Equifax anatenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Khadi analibe koma anabedwabe. Ndiye ine ndimaona kuti bola kukhala nacho chimodzi chodziwika bwino chokhala ndi lamulo lake.

Mphunzitsi wopuma:

Mwana wanga Nachisale, mawu amene unasowa usiku ujawo ine ndiyesa kukupatsako, ukawauze bambo akunyumbawo mwaulemu. Akuti wopanda mlandu saopa kudziwika. Funso ndi lakuti amene amanena kuti uwu ndi mlandu, uwu si mlandu, ndi ndani? Ndi yemwe wagwira kaundula pa nthawiyo, ndipo wogwira kaundula amasintha pamene kaundulayo amatsala momwemo.

Ku Rwanda a Belgium ndi amene anayamba kulemba mtundu wa munthu pa chiphaso mzaka za m'ma 1930, Mhutu, Mtutsi, Mtwa. Dziko litalandira ufulu mzere umenewu unatsalabe, anthu anauzolowera ngati mmene tazolowerera kulemba tsiku lobadwa. Mu 1994 pa malodibuloko anthu a zikwanje amangoti tulutsa chiphaso, liwu limodzi lija ndi limene limagamula ngati upitirire kapena ufere pomwepo. Anthu amenewo analakwa chiyani? Boma limene linabwera pambuyo pake linachotsa mzere wa mtundu pa ziphaso, koma anthu anali atatha kale. Ku Netherlands nkhondo yachiwiri isanayambe anali ndi kaundula wa anthu wolongosoka kwambiri, olembedwa ndi chipembedzo chomwe, cholinga chake chinali chabwino, kuyendetsa bwino boma. A Nazi atalanda dzikolo mu 1940 anangopeza ntchito itagwiridwa kale, ndipo mwa Ayuda anayi aliwonse a mdzikomo pafupifupi atatu anaphedwa. Mu Malichi 1943 kagulu ka anthu olimba mtima kanapita kukatentha ofesi ya kaundula ku Amsterdam kuti kapulumutse anzawo, ambiri mwa iwo anagwidwa nkuphedwa. Munthu kutaya moyo chifukwa chofuna kutentha mapepala, ndiye kuti mapepalawo anali atasanduka mfuti.

Pafupi pompano ku South Africa agogo athu amene anapita kumigodi amaidziwa bwino dompasi, kabuku ka pasi kamene munthu wakuda amakakamizidwa kuyenda nako. Pa 9 Ogasiti 1956 amayi pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukana kunyamula mapasi, ndipo pa 21 Malichi 1960 ku Sharpeville apolisi anawombera nkupha anthu osachepera 69 amene anasonkhana pa nkhani yomweyi. Malamulo a mapasi anadzathetsedwa mu 1986. Ku Kenya atsamunda amamuveka munthu wakuda kipande pakhosi, kachitini kokhala ndi pepala la zidindo za zala ndi mbiri ya ntchito yake. Ngakhale ine ndemwe ndikukumbuka nthawi imene khadi ya chipani inali chilolezo chokwerera basi, anyamata ataima pakhomo, iwe ukufufuza mmatumba manja akunjenjemera ngakhale ukudziwa kuti uli nayo. Mantha amenewo amalowa mmafupa, satuluka msanga.

Kondwani mwana wanga watchula Britain, koma chiyambi chake wachisiya. Iwo anali nazo ziphaso kuyambira 1939 chifukwa cha nkhondo, analonjezedwa kuti ndi za kanthawi, nkhondo inatha mu 1945 ziphaso osatha, apolisi anangozolowera kufunsa aliyense. Mu 1950 bambo wina dzina lake Clarence Willcock ataimitsidwa ndi wapolisi akuyendetsa galimoto ku London anakana kuonetsa chake. Mlandu anapezeka nawo ndithu koma woweruza wamkulu anadzudzula apolisi pogwiritsa ntchito lamulo la nkhondo pa nthawi ya mtendere, ndipo mu 1952 ziphaso zinathetsedwa. Chimene Mngelezi amakana ndi choti wapolisi azimuimitsa pamsewu kuti asonyeze kuti iye ndi ndani asanalakwe kanthu. Mu 2025 boma la Keir Starmer litadzutsanso nkhani ya chiphaso cha pa foni anthu oposa 2 miliyoni anasaina chikalata chokana. Sindikuti ali ndi nzeru kuposa Afalansa kapena Ajeremani amene amayenda ndi makadi awo opanda dandaulo, koma si matama ayi, mtundu uliwonse umaopa chimene unalumidwa nacho. Ine chiphaso ndili nacho ndipo sindingachitaye, koma fomu iliyonse yofunsa mtundu wanga kapena mpingo wanga ndimayamba ndafunsa kuti mukufuna mutani nazo.

Yamikani wa makompyuta:

Aphunzitsi zikomo mwatitsegula mmaso, ine ndiwonjezere mbali ya ntchito yanga chifukwa ndikuona kuti tikusakaniza zinthu ziwiri. Pali khadi imene ili mchikwama mwanu ndiye pali nkhokwe imene ili kuseri kwa khadiyo, ndipo choopsa kwambiri ndi nkhokweyo. Khadi payokha imangonena kuti uyu ndi uje. Koma nambala imodzi yomweyo ikalumikizidwa ku simu khadi, ku banki, ku chipatala, ku msonkho, ku kaundula wa mavoti, ndiye kuti munthu amene angathe kutsegula zitseko zonsezi akudziwa amene mumaimbirana naye, ndalama zimene mumalandira, matenda amene mukudwala komanso kumene munagona dzulo, popanda kukufunsani chilichonse. Ndipo sizibwera tsiku limodzi ayi, chaka chino akuti ndi za simu khadi chabe pofuna kuthana ndi akuba, chaka chamawa akuti banki, chilichonse pachokha chikumveka chanzeru, mukadzazindikira zonse zili pa chingwe chimodzi.

Ku India ndi kumene izi zaonekera bwino. Aadhaar, chiphaso cha kumeneko, ndi nambala ya manambala 12, amatenga zidindo za zala zonse khumi, kujambula maso onse awiri ndi nkhope, ndipo anthu oposa 1 biliyoni analembetsa. Poyamba amati ndi yodzifunira koma pang'onopang'ono chilichonse chinayamba kufuna Aadhaar. Woweruza wina wopuma, K.S. Puttaswamy, anakasuma, ndipo mu Ogasiti 2017 oweruza 9 a khothi lalikulu onse anagwirizana kuti chinsinsi cha munthu ndi ufulu wotetezedwa ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu 2018 khothi lomwelo linati Aadhaar ipitirire pa thandizo la boma ndi msonkho koma mabanki ndi makampani a foni asakakamize anthu. Ku Kenya boma linayambitsa nambala ya chiphaso yotchedwa Huduma Namba mu 2019, lamulo lake limalola kutenga ngakhale DNA ndi GPS ya pamene nyumba yako ili, khothi linakana zimenezo mu 2020, kenako mu 2021 linati kutulutsa makadiwo asanaunike kaye chiopsezo pa zinsinsi za anthu kunali kuphwanya lamulo. Ku Jamaica nakonso khothi linagwetsa lamulo lawo la ziphaso mu 2019. Muone kuti anthu amene amasuma onsewa ndi a maiko osauka ngati athu omwewa, nde zoti chinsinsi ndi nkhani ya okhuta ine ndimakana.

China chimene anthu sachiganizira, pasiwedi ikabedwa mumasintha, khadi ya ku banki ikabedwa amakupatsani ina, koma zidindo za zala zikabedwa musintha bwanji? Muli nazo khumi basi moyo wanu wonse. Mu 2021 a Taliban atalanda Afghanistan anapeza makina a zidindo za zala ndi maso amene asilikali a America anasiya, anthu amene anagwirapo ntchito ndi boma lakale anayamba kubisala podziwa kuti dzina ungasinthe koma diso ayi.

Komabe achimwene a Kondwani sakunama, zimatheka kuchita bwino. Estonia ili ndi khadi kuyambira 2002, amavotera pa intaneti, kusainira mapepala, kulandirira mankhwala, ndipo anthu ake ambiri amaikhulupirira. Chifukwa chake nchakuti deta sinaunjikidwe mu mphika umodzi, ofesi iliyonse imasunga zake nkumalumikizana kudzera pa njira yotchedwa X-Road, ndipo nzika ikhoza kulowa pa kompyuta nkuona kuti ndi ofesi iti imene yatsegula mbiri yake komanso liti. Wapolisi kapena dokotala akasuzumira popanda chifukwa phazi lake limatsala ndipo ndi mlandu. Mu 2017 kutapezeka vuto mu tchipi ya makadi oposa 700,000 boma linalengeza poyera nkuimitsa makadiwo mpaka atakonzedwa, silinabise. Ine ndimaona kuti chikhulupiriro cha anthu chimachokera pamenepo, boma likundiona inenso ndikuliona likamandiona.

Achemwali a Nachisale za fotokope chitani izi kuyambira lero, musanapereke lembani ndi bolopeni modutsa pa chithunzi penipeni kuti kope iyi ndi ya ntchito yakutiyakuti, ofesi yakuti, tsiku lakuti, kuti wina akafuna kukatengera ngongole ya pa foni kapena kulembetsera simu khadi imuvute. Ndipo musamatumize chithunzi cha chiphaso pa WhatsApp kwa munthu wongokulonjezani ntchito, ambiri abedwa njira imeneyi.

Mayi a Mwayi:

Ine sindidziwa zambiri za maiko ngati anzangawa koma ndayendapo ndi odwala zaka zambiri nde ndinene zimene ndaona. Tikamakamba za chinsinsi abambo amathamangira kuganiza za boma ndi apolisi, koma mzimayi amene ndimamudziwa ine saopa boma, amaopa mlamu wake amene amagwira ntchito pa kompyuta ya ofesi inayake. Mtsikana wina anathawa mwamuna womumenya, anasamukira kutali, anasintha nambala ya foni, koma simu yatsopanoyo analembetsa ndi chiphaso chake chomwecho poti palibe njira ina, sipanathe miyezi iwiri mwamuna uja anamuimbira. Anangopeza mnzake wa pa desiki nkumugulira chakumwa basi. Mtsikanayo analakwa chiyani kuti aziopa kudziwika? Enanso amayenda mtunda wautali kukalandira ma ARV kuchipatala cha kutali kusiya chapafupi kuti aneba asadziwe, nde mukawauza kuti mbiri yawo yonse ikhala pa nambala imodzi yoti aliyense wovala yunifomu akhoza kutsegula, ena amangosiya mankhwala, ndipo ndikunena zinthu zoti ndaziona ndi maso angawa.

Ndiye pali agogo. Ndinaperekeza agogo ena kukatsimikiza dzina lawo pa makina a zala aja, manja awo agwira khasu zaka zoposa makumi asanu mizere yonse inafufutika, chala chili see ngati mwala wa mumtsinje. Anaika chala chachikulu makina kukana, cha mkombaphala kukana, mnyamata uja anawauza kuti apukute pa chitenje, kenako kuti anyowetse ndi malovu, zala zonse khumi kukana, pamzere anthu ayamba kung'ung'udza. Agogo aja anangotembenuka kundiyang'ana nkuti mwana wanga, makinawa akuti ine si ine? Tinabwerera opanda kanthu tsiku limenelo. A Yamikani mwatchula India, ndinamva kuti kumenekonso anthu ogwira ntchito za manja amabwezedwa pa chakudya cha boma pa chifukwa chomwechi. Chiphaso chikhalepo inde, koma pakhale munthu woti makina akakana iye nkuyang'ana agogowo kumaso nkuwathandiza.

Kondwani K:

Mayi a Mwayi nkhani ya mtsikanayo yandikhudza, sindinaiganizepo mbali imeneyo ndipo ndavomera kuti mawu oti wopanda mlandu saopa ndi operewera. Koma pa mayi anga paja sindisuntha, kubwerera kopanda chiphaso ndi kuwabwezera mmanja mwa mlamu wawo. Chimene ndatolapo ndi cha ku Estonia chija, wa pa desiki uja akanadziwa kuti dzina lake litsala pa kompyuta ndipo mtsikanayo aliona, chakumwa chija akanachikana. A Yamikani kodi kupanga zimenezo nkodula kwambiri kapena ndi kusafuna chabe kwa olamula?

Yamikani wa makompyuta:

Achimwene kusunga mndandanda wa amene watsegula fayilo si chinthu chodula, pafupifupi sisitimu iliyonse yaikulu imatha kale kuchita zimenezo. Chovuta ndi kulola mwini wake kuti awuone mndandandawo, komanso kukhala ndi ofesi yoima payokha yoti ikhoza kulanga ngakhale bwana wamkulu akapezeka akusuzumira. Apo ndi pamene maboma ambiri amazengereza, ndipo mmaiko ambiri nkhokwe imayamba kumangidwa lamulo loteteza deta likubwera pambuyo ngati mmene zinakhalira ku Kenya.

Nachisale:

Zikomo nonse, aphunzitsi ndinawawerengera bambo akunyumba zimene mwalemba, pa nkhani ya Rwanda anakhala chete nthawi yaitali kenako anangoti komabe chiphaso nchofunika, ine ndati inde palibe wakana. Dzulo ndinabwerera ku ofesi kuja ndi kapepala kaja, ndinapempha kuonana ndi wamkulu wawo nkumuonetsa mbali zonse ziwiri, kuno tsiku langa kuno nkhope ya bambo uja. Anapepesa ndithu ndipo anaitana mtsikana uja kuti achotse mulu wonse pa kauntala, koma nditafunsa kuti nanga fotokope yanga ili kuti anafufuza mu fayilo, mu kabati, pa mulu paja, sinapezeke. Anandiuza kuti ndibweretse ina. Ndabweretsa lero mmawa, ndalemba modutsa pa nkhope yanga ndi bolopeni yofiira monga munanenera a Yamikani, mtsikana uja anaiyang'ana nthawi yaitali koma analandira. Yoyamba ija mpaka pano sindikudziwa ili mchikwama mwa ndani.